Mdzukulu Wanga Amagona Pamwamba pa Petulo

Sabata yatha ndinapita ku Mfuwe kukaona mdzukulu wanga Dalitso. Ndi mwana wa Misozi, mwana wanga wamkazi. Sanayambe kuyenda. Amangokwawa n'kutola zilizonse kuika m'kamwa.

Misozi ndi mwamuna wake, a Sakala, asamukira m'nyumba yosanja pafupi ndi msika. Anthu amagona m'mwamba. Pansi palibe khoma. Pali nsanamira zokha, ndipo ndi pomwe amaimika magalimoto. Minibasi ya a Sakala, ija yopita ku Chipata, imagona pomwepo. Njinga zamoto nazo zili mbwee. Pakona pali zigubu za petulo.

Makwerero ndi amodzi. Amatsikira pakati pa magalimotowo.

Kudenga ndinaona mapaipi ofiira okhala ndi timitu tachitsulo.

"Izi n'zachiyani?" ndinafunsa.

"N'zozimira moto, atate," anatero Misozi. "Pansi pano pakayaka, kutentha kumaswa kagalasi ka m'kamutuko, madzi n'kuyamba kuthira okha ngati mvula. A khonsolo anati popanda zimenezi anthu asalowe m'nyumba muno."

"Madziwo achokera kuti?"

Analoza thanki yomwe ili kuseri.

Ndinapita. Ndinaigogoda ndi ndodo yanga. Inalira ngati ng'oma. Kumunsi kwake wina analumikiza paipi yamphira. Ndinaitsata paipiyo. Inandifikitsa pa minibasi ya mkamwini wanga, ili waliwali ngati ikupita kuukwati.

Tsono mukudziwa inu. Mkamwini sakalipiridwa pamaso. Kwathu ku Kakumbi sitidya naye mbale imodzi, sitikhala naye mphasa imodzi. Ndinakhala pampando. Iye anakhala patali, pa tayala lakutha. Ndinalankhula ndi mwana wanga, koma mokweza.

"Misozi, kodi galimoto yotsukidwa bwino imapsa pang'ono?"

Misozi anayang'ana pansi. A Sakala anavula chipewa.

"Amake Dalitso," anatero akuyang'ana mkazi wawo, "auzeni atate kuti mpope unauma kalekale. Madzi a m'thankimo amangokhala. Okwera amathawa galimoto yafumbi. Ndiponso pano m'poyera, mphepo imadutsa. Moto ungapanikize ndani?"

"Misozi, awo uwafunse. Udzu wa kudambo uli ndi khoma? Nanga ukayaka, mphepo ikadutsa umazima?"

"Amake Dalitso, auzeni kuti ndamva."

"Atate, nonse muli pompano," anatero Misozi. "Ine ndasanduka foni?"

Ndinafuna kuseka. Ndinadziletsa.

Kenaka Misozi anawonjeza chapansipansi: "Si iwo okha, atate. Inenso ndimatunga pochapa matewera. Tonse a m'mwambamu timatunga."



Musandimve molakwa. A Sakala ndi munthu. Njovu zitandithera chimanga, anabweretsa ufa n'kuusiya pakhonde osanena kanthu. Mwana amamubereka kumsana ngati mayi. Vuto si mtima wawo. Vuto ndi chizolowezi chathu tonse.

Ife a m'chigwa muno timadziwa kuopa. Njovu timaiopa. Ng'ona timaiopa. Luangwa akadzaza sitichita naye makani. Koma zonsezi tinaziona ndi maso. Nyumba yosanja ikupsa sitinaione, ndiye tikuyesa nthano.

Tinakulira m'nyumba zapansi. Denga likagwira moto, umanyamula mwana n'kutuluka pakhomo, basi. Nanga m'mwamba? Khomo lako ndi makwerero. Makwererowo akukutsitsira m'moto momwemo. Matayala akayaka, utsi wake umakwera. Ukwera kwa yani?

Chinanso, ife chinthu chongokhala chimatiwawa. Tikaona madzi ali phee m'thanki, dzuwa la Okutobala likuswa mutu, mtima sutilola. Timati akuwonongeka. Koma m'nyumba mukalowa njala, ndani amakazinga chimanga cha mbewu? Madzi ajawo ndi mbewu. Ntchito yake ndi kudikira.

Ndamvapo ena omanga nyumba akudandaula. Akuti mapaipiwa ndi za ku Lusaka. Akuti malo oimika magalimoto akakhala opanda khoma safunika zozimira moto. Ine malamulo ake sindinawawerenge. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndingodziwa kuti pamwamba pa petuloyo pakugona anthu. Mmodzi wa iwo ali ndi mano awiri okha ndipo amandikoka ndevu.

Mudzati ku eyapoti kuli galimoto yozimitsa moto. Ilipo. Koma petulo sadikira mlendo. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Tibwerere kwa a Sakala. Anadzuka pa tayala paja. Anapita kuthanki, n'kumasula paipi yamphira ija. Anaikulunga bwinobwino, n'kupatsa mkazi wawo ndi manja awiri. Misozi anayenda pang'ono n'kundipatsa ine.

"Amake Dalitso, auzeni atate apite nayo. Ikakhala pano indiyesa."

Masana onse minibasi sinanyamule munthu. Inanyamula migolo ya madzi kuchokera kuchitsime. A Sakala anathira m'thanki mpaka malaya ananyowa. Azimayi a m'mwamba anatsika kudzathandiza, akuseka kuti madala a ku Kakumbi aopsa ndi ndodo. M'mawa mwake galimotoyo inapita ku Chipata ndi fumbi lake, ndipo okwera anakwera ndithu.

Paipiyo ili kwathu. Ikuthirira tomato.

Koma mtima sunakhale pansi. Mpope uja ukadali wouma. Chitsime chili kutali. Misozi ali ndi mwana wakhanda, ndipo m'nyumba yonse madzi apafupi ndi okhawo oletsedwa. Mwana wanga ndimamudziwa. Apirira sabata ino. Mwina ndi yamawa. Ndipo tsiku lomwe adzatunge, ine sindidzamukalipira.

Ndiye ndifunse inu eni nyumba zosanja, amene mukuzimanga ku Mfuwe kuno ngati bowa. Thanki ya moto mwaika, zikomo kwambiri. Nanga yakumwa ndi yochapira ili kuti? Mayi wa mwana wakhanda mudzamuletsa ndi chiyani?