Mazira Anayi a Tsekwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mng'ono wanga Tisa anayamba kutupa miyendo. Tinkakhala ku Chelstone, nyumba yakumapeto, kuseri kwake kuli dambo ndi dziwe la madzi a mvula. Inali nthawi ya chipani chimodzi, unga ndi mafuta ophikira tikuzipeza pamzere, ndipo atate anali atachotsedwa ntchito. Tisa anali ndi zaka ziwiri. Tsitsi lake linafiira, ndipo ukamudina paphazi chala chinkasiya dzenje. Anesi kukiliniki anauza amayi mosabisa kuti mankhwala a mwanayu ndi mazira, mkaka ndi nyama. Amayi anangothokoza n'kumubereka. Nanga akanazitenga kuti?

Padziwe paja pankakhala atsekwe awiri akutchire. Ndinkawadziwa bwino chifukwa ndine ndinkatumidwa kukathyola ndiwo kudambo. M'mawa ankadutsa pamwamba pa malata athu, wamkazi akulalata ngati mayi wa pamsika, wamwamuna akungomutsatira. Tsiku lina ndinaona wamkazi akulowa m'bango. Ndinamulondola madzi ali m'mawondo, ndipo ndinapeza chisa cha mazira asanu ndi limodzi, akuluakulu, ofunda. Atsekwe anandimenya ndi mapiko kumaso, koma mazirawo ndinawakulunga m'chitenje n'kuthawa nawo.

Tsono apa ndi pamene nzeru zanga zinandipweteka. Kusukulu ndinali wa nambala wani, ndipo ndinkadziona ngati ndaposa ndi akulu omwe. Ndinakumbukira kuti kwathu ku Katete anthu amaika mazira a nkhanga pansi pa nkhuku. Ndinati mumtima, dzira limatha kamodzi, koma atsekwe anayi ndi nyama yambiri, komanso adzatiikira mazira ena. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ine miyambi ndinkangoiloweza kuti ndikhoze mayeso. Aneba athu, bana Chanda, anali ndi thadzi lofungatira kuseri kwa chimbudzi. Ndinalowetsa mazira anayi pansi pake popanda wondiona, awiri n'kukapereka kwa amayi.

"Ni awa chabe?" anafunsa amayi.

"Ni awa chabe, amai," ndinanama.

Tisa anadya dzira loyamba lonse mpaka kunyambita supuni. Mawa lake anadya lachiwiri, nakhala tsonga, n'kunditchula dzina. Tsiku lachitatu analoza mbale akulira.

"Bwelela kudambo, mwana wanga, kapena aikila ena," amayi anandichonderera.

Ndinapitadi, ndikudziwa bwinobwino kumene kunali mazira. Atsekwe ndinawapeza akuzungulira bango, akulira mosalekeza, chisa chili chopanda kanthu. Ndinabwera chimanjamanja, ndikudzilimbitsa mtima kuti kwatsala masiku ochepa okha.

Kalanga ine, sindinkadziwa kuti dzira la tsekwe limatenga mwezi wathunthu. Patapita sabata imodzi thadzi lija linaswa anapiye ake n'kunyamuka nawo. Ndinayesa kulibwezera pachisa, linandijompha dzanja. Mazira ndinawaika m'malaya kuti afunde ndi thupi langa, kenako ndinawafunditsa sanza pafupi ndi mbaula, ndikupemphera ngati wamisala. Kuulula ndinkaopa, kuwaswa ndinkaopanso. Apa n'kuti Tisa atasiya ngakhale kulira, ndipo amayi anapita naye kuchipatala chachikulu m'tauni.

Tsiku limene amayi anabwera kudzatenga zovala, fungo linawafikitsa pansi pa bedi langa, pamene ndinali nditabisa mazirawo. Dzira limodzi linali litaphulika. Ndinafotokoza zonse ndikulira, ndikudikira ndodo, ndipo kunena zoona ndinkaifuna ndodoyo. Koma sanandimenye. Anakhala pansi, natenga dzira limodzi m'manja, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Nelia, mwana anali kulila pamaso pako," anatero.

Anamanga zovala m'chitenje n'kubwerera kuchipatala. Tisa anamwalira Lachinayi lotsatira.

Lero ndine gogo wa zidzukulu zitatu. Anthu odziwa za matenda andiuza kuti mazira anayi sakanamuchiza, ndipo mwina n'zoona. Amayi nawo sanaitchulenso nkhaniyi mpaka tsiku lawo lomaliza. Koma ine ndikudziwa chimene ndinachita. Ndinamana mwana wanjala chakudya chimene ndinali nacho m'manja, chifukwa cha chakudya chimene chinali m'mutu mwanga mokha. Kuyambira pamenepo, munthu akabwera pakhomo panga ndi njala sindimuuza za mawa, ndimamupatsa chimene chilipo, ngakhale chichepe bwanji. Ana anga amandiseka kuti sindidziwa kusunga, ndipo ndimangowasiya aseke. Chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti, kaya akanachira kaya akanamwalira, Tisa akanakhuta masiku ena anayi, ndipo amene anamukaniza ndine mkulu wake.