Kapu ya juwisi ku Moruleng

Ndinadandaula koyamba Lolemba, sabata yoyamba ya Ramadhani. Ndinalemba kuti mapiritsi a shuga akundichititsa chizungulire, kalatayo n'kuiponya m'bokosi la madandaulo kumene ndimalandirira mankhwala. Yachiwiri ndinaponya Lachisanu. Makope ake ndili nawo, yankho ndilibe.

Lachiwiri lotsatira ndinanyamuka ku Ledig, kuno ku Joni, seveni koloko, ulendo wa kukiliniki ina ku Moruleng. M'chikwama munali makadi anga onse, mapepala a kumgodi ndi timapaketi ta mapiritsi ta chaka chathunthu. Woyendetsa teksi atalandira malandi makumi awiri anasuzumira m'chikwamamo.

"Madala, mukukasumira ndani?"

"Amene sayankha makalata."

"Ndiye musumira Joni yense."

Tinasintha teksi pa Mogwase. Mayi wina wa ku Tete, wogulitsa mandasi pasiteji, anamva chilankhulo changa.

"Agogo, milomo yauma iyo. Tengani limodzi, laulere."

Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti ndikusala kudya.

Ndinafika cha m'ma teni, manja akunjenjemera, malaya atanyowa ndi thukuta. Patsogolo panga panali mzere wautali, koma namwino wina wachikulire, Mtswana, anandiyang'ana kamodzi kokha n'kundigwira mkono. Anandibaya chala, anawerenga kamakina, kenaka anafunsa chimene palibe anandifunsapo.

"Ntate, bambo anga, mwadya liti?"

"Mbandakucha, pa daku. Ndidyanso dzuwa likalowa."

"Nanga mapiritsi?"

"Onse pamodzi, nthawi yomweyo. Masana sindimeza kanthu."

Anabweretsa kapu ya juwisi. Ndinakana. Chiyambire unyamata wanga ku Mangochi, ngakhale pansi pa mgodi, sindinamasulepo masana.

Sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala.

"Shuga wanu watsikitsitsa. Mukabwerera chonchi mukomokera mu teksi, mwina osadzukanso. Za chipembedzo mukudziwa ndinu. Wodwala amaloledwa kubweza tsikuli, kapena ayi?"

Amaloledwa. Ndinamwa, misozi ili m'maso.

Pamene ndinkatafuna buledi amene anandipatsa, iye anayala mapepala anga patebulo n'kuwerenga limodzilimodzi. Mkazi wanga yemwe sanachitepo zimenezo. Anayezanso shuga, anayeza kuthamanga kwa magazi, anandivula masokosi n'kuona zala zonse za kumapazi. Kenaka anaimbira dokotala, ndipo anagwirizana za mlingo watsopano ndi nthawi zake. Anandilembera ndi zilembo zazikulu, n'kundiuza kuti ndimuwerengere mokweza.

"Mukayambanso kunjenjemera, mumasule. Mawa mubwere ndidzaone."

Ndinafika ku Ledig fayifi koloko, mutu uli bwino. Mapiritsi aja analibe mlandu. Ndinawamwa molakwika ndine, poti palibe anandifunsa ngati ndimasala, nanenso sindinanene.

Choncho ndikupempha mwaulemu akuluakulu a kumene ndimalandirira mankhwala kuti ayankhe makalata anga awiri polemba, ndipo anene amene azifunsa Asilamu odwala shuga funso limeneli mwezi wosala usanafike.