Filimu imene a tcheyamani anazimitsa

Ndine munthu wokayikira, ndipo sindibisa. Amuna anga amati ngakhale ndiwo zophika ndekha ndimayamba ndazinunkhiza. Choncho mlongo wanga wamng'ono atatulutsa DVD m'thumba la jekete Lamlungu lina masana, kunyumba kwa a tcheyamani a gulu lathu ku Brampton, m'dziko la Canada, ine maso anali kale pa iye.

Masiku amenewo, zaka za m'ma 2000 zili pakati, ife a ku Malawi tinkakumana kamodzi pamwezi tikaweruka kutchalitchi. Ine ndi amuna anga tinkachokera ku Hamilton, kumene ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba. Ena ankachokera ku Mississauga, ndipo anzathu a ku Zambia sankasowa. Tikatha kudya tinkaonera filimu. Kuonera kwathu si kwachete ayi. Timalangiza anthu a m'filimumo, timawakalipira, wina akamalowa pangozi timamukuwira kuti abwerere. Kawirikawiri ankakhala mafilimu a ku Nigeria kapena kaseti ya kwaya yochokera kumudzi.

A tcheyamani anali bambo wolemekezeka, wotsogolera mapemphero, mwini kakampani kokolopa m'maofesi. Mnyamata akafika kumene kuchokera kwathu, iwo ndiwo ankakamulandira kubwalo la ndege, kumugoneka m'chipinda chapansi pa nyumba yawo, n'kumupatsa ntchito. Pasipoti ankasunga iwo, ati anyamata amataya zinthu. Mlongo wangayo, munthu wa zaka makumi awiri ndi mphambu, anali atakhala kumeneko kupitirira chaka. Nyumba yathu inali yaing'ono, ntchito ku Hamilton inali yovuta kupeza, ndipo aliyense ankati tachita mwayi. Koma mwanayo ankangowonda. Ndikamuimbira foni ankayankha mawu amodziamodzi, ngati pali wina kumbuyo kwake.

Filimuyo anati waibwereka kulaibulale. Inali yakale, ya ku Ulaya, mitundu yake yofwifwa, amuna ake a ndevu za m'masaya ndi mathalauza otambalala kumapazi, mawu a Chingerezi akudutsa pansi. Mnyamata wakumudzi ankanyamula zikwama pahotela. Bwana wina wolemera anamuona, n'kumutengera kunyumba kwake. Anamugulira suti, anamuphunzitsa kugwira foloko, ndipo akalakwitsa ankamuseka pamaso pa alendo. Ife tinali titayamba kale ntchito yathu. "Iwe, usalandire sutiyo! Zaulere zimapweteka m'mimba!"

Kenako amuna awiriwo anapsompsonana, pakamwa penipeni.

Pabalaza panaphulika. Wina anaitana dzina la Ambuye. Akazi a a tcheyamani anathamangitsira ana kumwamba. Nesi wina wa ku Zambia anagwira m'mutu. "Imwe, ivi ni vichani? Pa Sunday sure?" Amuna anga anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Ine ndinayang'ana mwini nyumba, poti rimoti inali pabondo pawo. Anali phee, akutokosa m'mano.

"Khalani pansi," anatero. "Tione mmene dziko lapitira, tidziwe zopempherera."

Tinakhala. Zopempherera zinabweranso kawiri konse, iwo osagwedezeka. Ndiye panafika pena. Mayi ake a mnyamata uja adwala kumudzi, iye akufuna kupita, akupempha mapepala ake. Bwanayo atsegula dirowa, amuonetsa mapepalawo, atsekanso ndi kiyi, n'kumusisita tsaya kuti asadandaule, akumusungira.

Apo ndi pamene a tcheyamani anadzambatuka n'kuzimitsa. "Zonyansa ngati izi m'nyumba mwanga ayi! Iwe mnyamata, you have no shame?"

Anthu anavomera pamodzi kuti n'zoona, zafika posauzana. Ine ndinatembenukira kwa mlongo wanga. Ndipo ndinazindikira kuti kuyambira pachiyambi iye sanayang'anepo wailesi ya kanemayo. Ankayang'ana a tcheyamani.

M'galimoto pobwerera tinakangana njira yonse. Amuna anga anati filimu ngati imeneyo amaipangira kuwononga achinyamata, ndipo mlamu wawo waulula yekha chimene iye ali, watichititsa manyazi pagulu. Ine ndinati filimuyo nanenso ndaida, koma pachifukwa china. Nkhani yake ndinali nditaiona kale kwathu, bwana ndi mtsikana wantchito, mphunzitsi ndi mwana wosowa fizi. Chotsani ndevu za mnyamatayo mumuveke diresi, amayi onse aja akanalira naye, palibe akanathamangitsa ana. Ndipo kuntchito kwanga kunali nkhalamba ina yaimuna imene mnzake, mwamunanso, ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaimwetsa phala ndi kuipukuta pakamwa. Zimenezo ndinali nditaziona ndi maso anga, ndiye kusiyana kwa kukonda munthu ndi kumudya ndinkakudziwa. Chimene chinandinyansa n'chakuti wojambula filimuyo ankachedwa kwambiri pankhope ya mnyamatayo akamanyozedwa. Ndinakayikira kuti nayenso ankamva kukoma, monga anthu ena amene amabwera pamaliro kudzaona mmene mukulirira.

"Zonsezo n'zanu," anatero amuna anga. "Koma bambo aja anachita bwino kuzimitsa."

"Anazimitsa pati?"

"Pazonyansa zija."

"Ayi. Zija anaonera akutokosa m'mano. Anazimitsa padirowa."

Tinadutsa mafakitale a zitsulo. Kenako anati ndikuyambanso matenda anga okayikira anthu a Mulungu.

Sabata imeneyo mafoni analira ngati kwagwa maliro. Aliyense ankandipepesa, n'kufunsa mochenjera ngati mlongo wanga anali ndi chibwenzi kumudzi. Ena anati mpake sakwatira. Ndinakwiya kwambiri, koma mantha ndiwo anakula. Kwathu mlongo ndiye mwini mbumba, malume wa ana anga, munthu amene adzaimirire pa maukwati awo. Ndinalibe wina. Ndinamuimbira ndili pa nthawi yopuma kuntchito.

"Achimwene, filimu ija munabweretseranji?"

"Achemwali, munaonera nokha."

"A tcheyamani ali pafupi?"

"Eya."

"Mukufuna kuchoka?"

Anatsitsa mawu. "Passport ili ndi iwo. Ati ndika-mover, andi-reporter kuti ndimagwira ntchito zosaloledwa."

Wina angati bwanji osangopita kupolisi. Ngakhale amuna anga, atayamba kumva, anatero. Koma mwanayo ankaopa kuti iye ndiye akwezedwe ndege kubwezedwa kumudzi, ndipo ine sindinkadziwa malamulo mokwanira kuti ndimulimbitse mtima. Kukawaloza chala a tcheyamani nakonso kunali kosatheka. Ndikananena chiyani? Kuti ndawagwira chifukwa cha pamene anadina rimoti? Mpingo wonse ukanandiseka, iwo akanabisa pasipotiyo mpaka kalekale.

Ndiye ndinakumbukira mmene timachitira kwathu mwana akaleredwa ndi ena. Sumapita kukamutenga ngati katundu wosungitsa. Umapita ndi nkhuku, kugwada pamaso pa anthu, kuthokoza mpaka wolerayo asowe pothawira. Munthu wathokozedwa pagulu sakana.

Nkhuku yamoyo ku Hamilton ndikanaipeza kuti? Ndinagula ziwiri zouma ndi ayezi, zolimba ngati njerwa, n'kuzikulunga m'chitenje chatsopano. Lamlungu la msonkhano wotsatira ndinadikira kuti aliyense akhute, pemphero lithe. Ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kuyenda ndi mawondo pakapeti mpaka pamapazi a a tcheyamani. Nkhuku zija zinali zitayamba kudontha.

"Bambo," ndinatero, ndikuomba m'manja, "ife ndife ana, sitidziwa kuthokoza. Munatola mwana wathu pabwalo la ndege, mwamudyetsa, mwamufunditsa, mwamuphunzitsa ntchito. Mayi athu kumudzi akuti tisakuthodwetseninso, mwatopa naye mokwanira. Lero tabwera kudzamutenga, mumudalitse ndi manja anu, mumupatse ndi mapepala ake munamusungira aja."

Mayi athuwo sankadziwa n'komwe. Koma m'kamwa mwanga munkatuluka uchi, mumtima ndikuwatukwana.

Amayi a pabalazapo anayamba nthungululu. Ena anali kupukuta misozi, ati zachikhalidwe ngati izi anazisowa. A tcheyamani anamwetulira ndi mano okha.

"Mayi, mwachita ulemu. Koma mwanayu sanakhwime. Canada si kumudzi. He needs guidance, makamaka ndi zimene tinaona mwezi watha zija."

Anthu ena anagwedeza mitu. Ndinaona kuti zikundipulumuka, ndiye ndinagwada kwambiri, mphumi kutsala pang'ono kugunda nsapato zawo. "N'chifukwa chake, bambo. Wakuchititsani manyazi m'nyumba mwanu. Manyazi amenewo ndi athu, tikawasenze tokha."

"Mapepalawo ndiyenera kuwafufuza kaye. Mwina next month."

Apo akazi awo, mayi wosayankhula pagulu, anaimirira popanda wowatuma. Anakwera kumwamba, ndipo sanachedwe n'komwe. Anatsika ndi pasipoti m'manja, n'kuiika m'dzanja langa, osati la mlongo wanga. Mayiwo sanawayang'ane n'komwe amuna awo. Anangotola nkhuku zija n'kulowa nazo kukhitchini. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti mayi aja ankadziwa zingati, ndipo kuyambira liti.

Ndinatsika naye mlongo wanga kukalongedza. Chipindacho ndinali ndisanalowemo, poti alendo tinkathera pabalaza. Munali matiresi, chikwama ndi makina ochapira zovala. Potuluka dzanja langa linakhudza chitseko chakumkati, ndipo ndinamva timabowo tinayi pafupi ndi chogwirira, tina tinayi pafelemu.

"Apa panali chiyani?"

"Ndinaikapo loko," anatero, akumanga chikwama. "Anachotsa. Ati m'nyumba ya Mkhristu mulibe chitseko chokiya."

Funso linafika pakhosi panga n'kubwerera. M'galimoto linabweranso, koma amuna anga anali pomwepo, ndipo mwanayo anali atafumbata pasipoti ndi manja awiri, akuyang'ana kunja. Ngati amakonda amuna kapena akazi sindinamufunse tsiku limenelo, ndipo sizimene zinkandiwawa. Chimene ndinkafuna kudziwa, chifukwa chimene anaikira loko pachitseko chija, ndinkachiopa.

Tinafika dzuwa likadalipo. Ana ndinali nditawasamutsira kuchipinda kwathu, iye ndinamukonzera kawo. Ndinayamba kupepesa kuti n'kakang'ono, bedi ndi la mwana, miyendo idzatulukira. Iye sankamva. Anali atagwira chogwirira chitseko.

"Achemwali, chimakiyika?"

Ndinakasaka kiyi m'kabati ya kukhitchini, pakati pa mabatire akutha ndi timalamba ta mphira, n'kumupatsa. "Ndi mmodzi yekha. Wina kulibe."

Analowa, ndipo ndinamva kiyi akutembenuka. Ndinaphika, ndinaitana, ana anagogoda kuti amalume adzadye. Chitseko sichinatseguke. Ndinaika khutu pachitseko ndipo ndinamva akuliza mkonono, nsapato ndikukhulupirira zili kuphazi. Ndinakhala pansi pakhomo pa chipindacho ndi mbale yake pamiyendo, n'kulira mosatulutsa mawu kuopa kumudzutsa.