Tabita wa Magemu pa Nsaru

Pa Nsaru, mukadutsa pomwe amagulitsira soya ndi mtedza, pali kashopu kopaka utoto wachikasu kokonzerako mafoni. Pakauntala pamakhala Richard, mutu uli pansi, akulimbana ndi timawaya. Chipinda cham'kati ndi cha mkazi wake, Tabita. Muli mabenchi, wayilesi yakanema ndi makina a magemu oyendera sola. Wofuna kusewera amalowa mmenemo.

Tabita sanabadwire kuno. Makolo ake, a Jackson ndi a Felesita, anachoka naye ku Phalombe ali kumsana, kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Anakulira m'chigafa, pansi pa fodya wopachikidwa, ndipo anadziwa kusoka masamba asanadziwe kulemba dzina lake.

Gemu yake yoyamba anaipezera komweko. Banja lina la matenanti likubwerera kwawo, linamusiyira kachipangizo kotuwa, kotalika ngati sopo wochapira. Pakagalasi kake pankagwa tinjerwa kuchokera pamwamba, wosewera n'kumatitembenuza kuti tigone bwino mumzere. Mabatire akafooka, Tabita ankawayanika padzuwa pa denga la chigafa, madzulo n'kuwabwezeramo. Masana popuma, a Jackson nawo ankayesako. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zakuda ndi utomoni wa fodya, moti pofuna kudina batani limodzi ankadina awiri.

"Nyumba yanji yogwa ndisanafike pawindo?" ankatero, n'kumubwezera mwana wawo.

Kachipangizoko kanafa chaka chimene denga linadontha. Tabita analira ngati kwafa nkhuku yake.

Sukulu anailekera Fomu 2, n'kuyamba kugulitsa mandazi pa Nsaru. Tsiku lina foni yake ya mabatani itasiya kulira, anaipititsa kwa Richard. Mnyamatayo ataikonza anaona kuti pa gemu ya njoka, ija imadya timadontho n'kumatalika, mwini foniyo anafika patali pomwe iye anali asanafikepo. Anamufunsa ngati anasewera yekha. Tabita anangotenga foniyo n'kumuonetsa, beseni la mandazi lili pamutu. Chaka chotsatira anadalitsa ukwati wawo ku tchalitchi.

Njoka ija inamuthandizanso ali kuchidikiro, podikira kubadwa kwa Mwayi, mwana wawo woyamba. Masiku kumeneko ankatalika. Pamphasa yoyandikana naye pankagona Nelia wa ku Nambuma, wa mimba yoyamba, amene ankangolira chamumtima osadya. Tabita sanamulangize chilichonse. Anangomupatsa foni n'kumuonetsa podina. Pofika tsiku lachitatu Nelia anali akukalipira njoka kuti ikudziluma dala, ndipo phala ankamaliza. Mpaka lero akabwera kumsika amadzera pashopu ndi kamtolo ka chinangwa.

Makina aakulu aja Richard anakawagula ogwiritsidwapo kale m'tauni ku Lilongwe. Anabwera ndi gemu ya mpira, ya nkhonya ndi ya mpikisano wa magalimoto. Tabita anakonda ya mpira, ndipo anyamata a kabaza ambiri anatulukamo atagoletsedwa zigoli zosafuna kukamba. Amayi anzake a Chigwirizano poyamba ankanong'onezana kuti malo otere amaononga ana. Iye anaika lamulo lakuti wovala yunifolomu asaponde pakhomo sukulu isanaweruke, ndipo kutukwana kumathera panja. Manong'onong'o aja anazilala okha.

Kenaka a Felesita anamwalira, atadwala nyengo yonse ya dzinja. A Jackson anali atakalamba, mawondo akukana ntchito ya fodya, choncho Tabita anakawatenga kuti azikhala nawo. Munthu amene kale ankaseketsa chigafa chonse tsopano ankangokhala pakhonde la shopu, chipewa chili pamaondo. Ukawafunsa ankayankha mawu amodzi. Mwayi akawakwera pamsana ankangomusisita mutu.

Masana ena kunalibe makasitomala, ndipo Tabita anayatsa gemu ya magalimoto kuti ayese padi yomwe Richard anali atangoikonza, kachipangizo kogwira m'manja posewera. Injini italira, anaona chithunzithunzi pakhomo. Anali bambo ake.

"Kodi imeneyo ukuyendetsa ndiwe?"

"Ndine, ababa. Lowani mudzaone."

Anakhala pabenchi n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndili mnyamata ndinkakwera pamwamba pa lole ya nandolo, yochoka ku Migowi kupita ku Limbe. Dalaivala wake analonjeza kuti adzandiphunzitsa. Lole ija inagulitsidwa ndisanagwireko chiwongolero."

Tabita anali asanamvepo zimenezi. Anawaika padi m'manja, n'kugwira chala chawo chachikulu kuchiika pa batani loyendetsera. Anasankha okha galimoto yabuluu. Mpikisano utayamba, magalimoto ena onse anauluka n'kuzimiririka, koma a Jackson ananyamuka pang'onopang'ono, n'kukhotera kumanzere kwa msewu.

"Ababa, ndi mpikisano umenewu. Thamangani."

"Asiye apite. Mwina ali ndi wodwala."

Pakona ankachepetsa liwiro. Anafunsa pomwe pali hutala, ndipo atamva kuti palibe anapukusa mutu. Msewu wa pakanemapo unkadutsa m'munsi mwa phiri lalitali, ndipo ataliona anawongoka msana.

"Si Michesi uyu? Ndiye kuti tatsala pang'ono kufika pa Migowi." Anayenda pang'ono n'kuimika galimoto pambali pa mtengo. "Apa ndi pomwe ndinawaonera amako koyamba. Ankagulitsa nthochi. Ndinagula phava lonse, chonsecho nthochi sindidya."

Tabita anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Bambo ake sanamuyang'ane. Maso anali pamsewu.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likafika pamutu a Jackson ankavala chipewa n'kulowa m'chipinda muja. Tabita ankakhala pambali pawo ngati wokwera. Ulendo uliwonse unali ndi nkhani yake. Anamva za mlatho umene amayi ake anakana kuwoloka mpaka atanyamulidwa, za diresi lamaluwa lomwe anavala tsiku la chinkhoswe, ndi za usiku wawo womaliza ku Phalombe, pomwe a Felesita anakazinga chimanga cha paulendo akuimba kuti asalire. Zonsezi amayi akewo sanamuuzepo.

Anyamata a kabaza poyamba ankadandaula, chifukwa mpikisano womwe ena amaumaliza msangamsanga unkatenga nthawi yonse ya nkhomaliro. Yusuf, amene ankakwiya kuposa onse, tsiku lina anati, "Agogo, njinga yangayi ikhoza kukupitirirani."

"Ukadzafika msinkhu wanga uli ndi mano onse, udzandiuze," anayankha a Jackson osacheuka.

Anzake anamuseka. Mawa lake Yusuf yemweyo anaima pakhomo n'kuyamba kuitanira ngati kondakitala: "Migowi, Chiringa, malo alipo awiri." A Jackson anamuuza kuti atseke chitseko bwino, ndipo ananyamuka benchi yonse itadzaza. Pa mipikisano yonse imene anachita, sanapambanepo ngakhale umodzi, komanso galimoto yabuluu ija sanaigunditsepo.

Anthu atamaliza kukolola, a Jackson anaitana Tabita ndi Richard pakhonde.

"Apongozi, mwandisunga bwino, sindikudandaula kanthu. Koma ndikufuna ndikaone kwathu maso akadaona. Mchemwali wanga Esinati akadali moyo, ndikakhala naye."

Richard anayang'ana mkazi wake. Tabita sanafune kuti apite, koma anali atakhala pambali pawo maulendo onse aja, ndipo ankadziwa komwe ankalowera. Anawachapira zovala, n'kuwaperekeza yekha.

Pa Limbe, pokwera minibasi ya ku Phalombe, Tabita anapempha dalaivala kuti bambo ake akhale kutsogolo. A Jackson anakhaladi pambali pa dalaivala. Ankayang'ana manja a dalaivalayo, kenaka msewu, kenaka manja aja. Phiri litaonekera anavula chipewa. Potsika anamugwira dalaivala dzanja.

"Mumathamanga, mwana wanga, koma magiya mumasintha bwino."

A Esinati anawalandira ndi misozi, ndipo Tabita anagonako masiku angapo asanabwerere ku Nsaru.

A Jackson akadali ku Phalombe. Amadzala nandolo kuseri kwa nyumba, ndipo Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amabwereka foni ya mdzukulu wa a Esinati n'kuimbira Tabita. Amayamba ndi Mwayi, kenaka apongozi awo, kenaka mvula. Lamulungu lapitali anafunsanso za Yusuf, ndipo atamva kuti anagwa ndi njinga n'kusupuka chigongono, anati:

"Umuuze kuti ndamupatsa moni. Akachira abwere kuno, adzadye nandolo."