Chigafa Chinapsa Sitima Ikudutsa

Ndikakumbukira agogo aamuna, aMbewe, ndimamva fungo la girisi amene sankachoka m'zikhadabo zawo ngakhale asambe chotani, ndi la dizilo limene sitima inkasiya m'minda ikadutsa kwathu, kufupi ndi Namitete.

Iwo anali m'gulu la amuna amene anathira miyala pamene njanji inkamangidwa kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Ntchito itatha anawasiya pa mphambano ya kwathu, pomwe kanjanji kena kankapatukira kokwezera katundu. Anawapatsa mbendera ziwiri, yofiira yoimitsira ndi yobiriwira yoti njira ili bwino, komanso chitsulo chachitali chosinthira njanji. Ine ndinkawaopa ndi kuwasirira. Munthu wochepa thupi, amene ngakhale mbuzi zinkamuderera, ankangokweza kansalu, chisitima chonse n'kuima.

Lamulo la ntchito yawo linali lakuti ukasintha njanji, ukhale pachitsulopo mpaka bogi yomaliza idutse, chifukwa chikadumpha, mawilo akutsogolo apita kwina, akumbuyo kwinanso.

Tsiku lina masana, fodya atauma, ine ndili ndi agogo kunjanji, sitima ya anthu itangolowa pa mphambano, kumudzi kunafuka utsi wakuda. Chinali chigafa cha agogo, chodzaza ndi fodya, thukuta lathu la chaka chonse. Agogo aakazi anathamangira kunjanji, chitenje chili m'manja, akukuwa kuti aMbewe abwere adzazimitse. AMbewe anacheuka, nauona motowo bwinobwino, misozi ili mbwee, koma sanadzuke pachitsulo paja. Sitimayo inkayenda pang'onopang'ono ngati ikuchita dala. M'mawindo anthu ankadya nzimbe, ana akutibayibitsa, osadziwa kanthu. Pamene bogi yomaliza inkadutsa n'kuti denga la chigafa litagwa kale.

Agogo aakazi anakhala masiku osawayankhula. Atatsegula pakamwa, anafunsa ngati chaka chimenecho tidye chitsulo.

"Fodya ali ndi nazale, mayi, tidzafesanso," anayankha motsitsa mawu. "Nanga anthu aja, nazale yawo ili kuti?"

Chaka chimenecho tinadyadi gaga, ndipo agogo aakazi sanalephere kuwakumbutsa m'mawa uliwonse.

Lero pa mphambano paja pamera udzu, agogo onse awiri anagona. Koma ndikayenda ulendo n'kufika bwino, ndimadzifunsa kuti kodi ndi ndani amene sanadzuke pamalo pake chifukwa cha ine, zake zikupsa, ine osamudziwa n'komwe.