Selotepi pa Chikopa

Lachinayi, Febuluwale 2021

Ndadzuka ndi chimwemwe, ngakhale sukulu ndi yotseka ndipo tonse tabindikira m'nyumba chifukwa cha mliriwu.

Chondisangalatsa chinali buku. Bambo achikulire achizungu okhala kuseri kwa mpanda wathu kuno kunja, ku Cannington, amasonkhanitsa mabuku akalekale a ku Mangalande onena za zitsamba ndi ulimi wa maluwa. Atamva kuti ndikufuna kudzaphunzira za zomera ku yunivesite, dzulo anandibwereka limodzi, n'kundipatsira pamwamba pa mpanda, atavala masiki. Anati otsala ngati limeneli ndi ochepa, ndipo ndikalisamala adzandionetsa enawo.

Chikuto chake n'chachikopa chofewa ngati nsalu yakutha. Zithunzi anazipaka utoto pamanja, ndipo pena utotowo unadutsa mzere. Ndakhala ndikuganizira munthu amene anapakayo. Kaya anali wotopa?

Amayi atasuzumira tsamba lina anaseka.

"Si bonongwe uyu? Azunguwa ankamudzala ngati duwa? Ndiye ndiwo ankadya chiyani?"

Masana ndinapita kukasamba. Pobwera ndinapeza buku lija Amayi atalikutira ndi pepala la khaki, makona opinda bwinobwino, monga ankachitira ndi mabuku a sukulu ku Lilongwe. Selotepi inagwira pachikopa penipeni, m'kati mwa chikuto.

"Amayi, mwatani?"

"Chinthu cha eni sabweza chili maliseche, mwanawe. Taona mmene chinathera. Mwini wakeyo alibe mkazi womusamalira zinthu?"

Ndinayesa kumatula kona imodzi. Selotepi inanyamuka ndi kachikopa kakang'ono, ndipo ndinaleka pomwepo. Nditafotokoza kuti mabuku otere amawakonda ali momwemo, ndi ukalamba wawo womwe, Amayi anayang'ana pamene panachoka kachikopapo. Kenaka anati ndimatule bwino zonse, ndibweze osanena kanthu. Anachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa kwathu kukutira buku ndi ulemu waukulu.

Koma ndikamatula ndekha ndiwononga kwambiri. Ndikabisa, bambo aja adzaona ndithu, ndipo adzaganiza kuti sitinasamale, pamene vuto n'lakuti tinasamala mopitirira.

Mawa ndiima pampanda ndi bukulo lili m'khaki mwake. Ndiwaonetsa pamene pachoka kachikopa, ndiwafotokozere chifukwa chake timakutira mabuku, ndipo ndiwafunsa ngati alipo wodziwa kuchotsa selotepi bwino. Akakana kundibwerekanso, ndipempha kuti azinditsegulira masamba ali kutsidya kwawoko.