Mayi Madontho Aphunzitsa Sayansi

Azakhali anga anachapa zovala za anthu zaka makumi atatu, m'kachipinda ka masinki awiri, ayironi ndi shelefu ya mabotolo opanda zolemba. Sukulu analekezera kalasi yachinayi, koma mumsewu wawo ankatchedwa Mayi Madontho chifukwa panalibe dontho lowakanika. Ankayamba ndi kulinunkhiza. La thukuta kapena la shuga ankalisiyira madzi. Girizi ankamupaka palafini, inki ya bolopeni sipiriti.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi mphunzitsi wa sayansi. Tsiku lina mkamwiniyo anatulukira ndi shati yoyera yodetsedwa ndi girizi wa njinga. Anali atalimbana nayo pampopi m'mawa wonse.

"Aphunzitsi athunthu, kuchapa girizi ndi madzi okha?" anaseka azakhali. "Awiriwa sapatsana moni, bambo."

Ananyowetsa kansanza m'palafini, n'kupukuta. Girizi uja anayamba kusungunuka.

"Amayi, zimenezitu ndi zomwe ophunzira anga akulephera kumvetsa sabata yonse!" anatero mkamwini. "Madzi amapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, mamolekyu, tokhala ngati batire, mbali ina pulasi, ina mayinasi. N'chifukwa chake amakoka mchere ndi shuga, pakuti nazonso zili ndi mphamvu yotere. Girizi ndi palafini alibe mbali zimenezo, ndiye amasungunulana okhaokha."

"Nanga sopo?"

"Ali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta."

"Ameneyo ndiye mkhalapakati," anatero azakhali.

Mkamwini anawachonderera kuti akaonetse zimenezi m'kalasi. Anakana kawiri, kachitatu anasita diresi lawo labuluu n'kulongedza mabotolo m'basiketi. Atangoima kutsogolo kwa kalasi anaika basiketi ija patebulo. Kenako anang'amba nsalu yakale, n'kugawira wophunzira aliyense kachidutswa.

"Detsani mmene mungathere!"

M'kalasi munali chiphokoso. Wina anapaka polishi wa nsapato, wina jamu, wina inki. Azakhali ankazungulira madesiki, kufunsa aliyense kuti dontho lake likufuna botolo liti, mkamwini akujambula mamolekyu pabolodi. Belu litalira palibe anadzuka.

Kuyambira pamenepo ankaitanidwa chaka chilichonse, mpaka miyendo itayamba kuvuta. Tsiku loyambalo anafika kunyumba akuimba, manja akununkha sipiriti. Amuna awo anawalandira pakhomo atavula chipewa.

"Takulandirani, a Pulofesa."

"Zikomo," anayankha azakhali. "Pulofesa watopa. Zovala zili pachingwezo mukaanule ndinu."